Mayeso a alamu anga adya mpamba wa kaunjika

Loweruka lapitali achemwali anga adanditulukira kuno ku Ndirande m'mamawa, ine ndisanasukusule n'komwe. Inu amene mumachita geni mukudziwa kuti mayi wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe sasiya benchi yake Loweruka la kumathero a mwezi pokhapokha kutagwa maliro. Choncho nditangowaona pakhomo mtima udagunda.

"Kulibe maliro achimwene," adatero akukhala pampando. "Koma mukalankhule nawo alamu anu. Akuti akufuna kupitanso ku Dubai."

Mukamva za Dubai mwina muganiza kuti alamu anga ndi a bizinesi, amakaoda mafoni ndi nsapato monga achitira anzathu ena. Ayi ndithu. Iwo adapitako chaka chatha ndi chikwama chimodzi, ndipo adabwerako ndi chikwama chomwecho, chopanda ngakhale sopo wa ana. Adakalemba mayeso a tsiku limodzi, adalephera, ndipo ndalama zomwe zidapita paulendowo zidali zokwanira kuodera mabelo angapo a kaunjika. Tsopano akuti akayesenso.

Ndisanaweruze mlanduwu ndiyenera kukuuzani kuti mayesowo ndi otani, chifukwa ngakhale ine zidanditengera nthawi kuti ndimvetse chimene chikumudya munthu wamkulu, wa ana atatu, mpaka kumagona 2 koloko usiku tsiku ndi tsiku.

Alamu anga amagwira ntchito pa kakampani kena mtauni muno kolumikiza makompyuta m'maofesi. Ndi aja mumawaona atakwera makwerero, mawaya ali m'khosi, akuboola siling'i. Ntchito imeneyi ili ndi mapepala ake, ndipo mapepala odziwika kwambiri amachokera ku kampani ya ku America yotchedwa Cisco, yomwe idayambitsidwa mu 1984 ndi Leonard Bosack ndi Sandy Lerner. Kampaniyi imapanga marauta ndi maswitchi, timabokosi tomwe timalondolera mauthenga pa intaneti. Pepala loyambira ndi CCNA, lotsatira ndi CCNP, ndipo pamwamba penipeni pali CCIE. Awiri oyambawo alamu adakhoza kale. Chomwe chikuwasowetsa tulo ndi chachitatuchi.

CCIE idayamba mu 1993, chaka chomwe ife kuno tinkavota pa referendamu ya zipani zambiri. Aliyense amene wakhoza amapatsidwa nambala yakeyake ya moyo wonse. Manambalawo adayambira pa 1024, ndipo nambala yoyambayo sadapatse munthu, adaipatsa chipinda cholemberamo mayeso. Patha zaka zoposa 30 koma manambala angopitirira 60,000 basi, dziko lonse lapansi. Apa mutha kuona kuti khomo lake ndi lopapatiza.

Kuti munthu alowe, amayamba wakhoza mayeso olemba pa kompyuta, omwe kwa alamu adali otchedwa 350-401, a madola 400. Akakhoza amenewo amapatsidwa zaka zitatu zoti akhale atakhoza mayeso a labu. Zaka zitatuzo zikatha asanakhoze, amayambiranso pachiyambi. Alamu adakhoza olembawo mu 2023, ndiye werengani nokha kuti dzuwa lawapendekera bwanji.

Mayeso a labuwo ndi a maola 8. Kale ankatenga masiku awiri mpaka mu 2001 pomwe adawapanikiza kukhala a tsiku limodzi. Kuyambira mu February 2020, gawo lomwe alamu akulimbana nalo limatchedwa CCIE Enterprise Infrastructure. Maola atatu oyamba amakupatsa nkhani ya kampani yongopeka, makalata a mabwana ake, zojambula za netiweki yake, ndipo iwe uzisankha mamangidwe oyenera. Ukangodutsa funso sungabwererenso, ngakhale utazindikira kutsogolo kuti udalakwitsa. Maola asanu otsalawo ndi ogwira ndi manja: kulumikiza, kukonza zomwe zathyoka, ndi kulemba timapulogalamu toti makina azidziyendetsa okha. Foni imatsala panja, mnzako woti umufunse palibe, chomwe amakulola ndi mabuku a Cisco omwe ali pa kompyuta yomweyo. Ndipo uyenera kuchita bwino zigawo zonse ziwiri. Kuwala m'gawo limodzi sikuphimba kugwa kwa m'gawo linalo.

Nanga zimenezi zikutikhudza bwanji ife ogulitsa tomato ndi makala? Abale anga, zikutikhudza tsiku lililonse. Mukapita pa ejenti kukatapa ndalama za pafoni n'kumva kuti netiweki yavuta, mukaima pamzere wa ATM mpaka miyendo kutupa, dziwani kuti kwinakwake kuli munthu wonga alamu anga amene akutuluka thukuta kufunafuna pomwe njira yaduka.

Iwo adandifotokozera motere tsiku lina tikudya chimanga chootcha pa Kudya. Uthenga uliwonse umene mumatumiza umaduliridwa m'timaphukusi ting'onoting'ono, ndipo phukusi lililonse limakhala ndi adiresi. Rauta ili ngati dalaivala wa minibasi wochoka mu Blantyre kupita ku Limbe. Akamva kuti pa Chipembere Highway pachitika ngozi, amakhotera ku Zingwangwa n'kukatulukira ku Kanjedza. Marauta a m'kampani imodzi amauzana okha za misewu yotseka ndi yotsekuka pachilankhulo chotchedwa OSPF. Makampani akuluakulu akamauzana kuti katundu wopita kwakuti adzere kwa ine, amalankhula china chotchedwa BGP. Munthu mmodzi akalakwitsa mzere umodzi wokha, minibasi zonse zimasokera.

Musaganize kuti ndi nthano. Pa 4 October 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zidazima dziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Amayi ambiri amene amatsatsa malonda pa WhatsApp adayesa kuti bandulo yawathera. Chidachitika n'chakuti lamulo lina lolakwika lidaperekedwa kumakina a kampaniyo pokonza zinthu, ndipo njira zonse za BGP zolozera kwawo zidafufutika. Nyumba idalipo, koma msewu wopitako udasowa pamapu. Mu May 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zidaduka, ndipo intaneti idayenda ngati nkhono kuno ndi kumaiko oyandikana nafe. Ife tilibe nyanja yamchere, intaneti yathu imadzera kwa eni ake ku Mozambique ndi ku Tanzania, choncho munthu wodziwa kupatutsa njira pa nthawi ngati imeneyo ndi wofunika ngati dokotala.

Tsono mavuto a wophunzira wa ku Zingwangwa ndi otani? Loyamba ndi zida. Mnzake wa ku Ulaya amagula kompyuta yamphamvu kapena kubwereka makina pa intaneti. Alamu anga adagula kompyuta yakale yomwe ofesi ina inkataya, adaiwonjezera RAM pang'onopang'ono, n'kuikamo pulogalamu yotchedwa EVE-NG yomwe imayerekeza marauta ambirimbiri m'bokosi limodzi. Ikayaka imalira ngati chigayo cha dizilo, ndipo chipinda chimatentha moti ana adasamukira pabalaza. Kuti marauta onse adzuke pamatenga nthawi yoti munthu n'kuphika nsima n'kudya.

Lachiwiri ndi magetsi. Mukukumbukira kuti mu January 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo adadzayambanso kugwira ntchito mu 2023. Nthawi imeneyo alamu ankawerengera mayeso olemba aja. Ankati akamanga netiweki kwa maola atatu, magetsi phethi, zonse zomwe sadasunge n'kupita. Adaphunzira kugona madzulo n'kudzuka pakati pa usiku magetsi akabwera. Kenaka adagula batire la galimoto ndi inveta, ndipo ndalama yake idachokera m'thumba la achemwali. Mu March 2023 kudabwera Freddy, amene adakokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe, kufupi ndi kwawoko. Kwa masabata angapo alamu sadagwire buku, ankathandiza nawo kufukula matope ndi kuika maliro.

Lachitatu, lomwe ndi lalikulu, ndi ndalama. Mayeso a labu mtengo wake udali madola 1,600 pomwe iwo ankalipira, ndipo ukalephera sakubwezera ngakhale tambala. Pamene ankayamba kusunga, dola inali pa K1,180 kubanki, kutanthauza pafupifupi K1.9 miliyoni. Mu November 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Adagona akusowa ndalama zochepa, adadzuka mayeso omwewo akufuna K2.7 miliyoni. Uwu ndi mtengo wa kubanki, ndipo inu a geni mukudziwa bwino kuti kukhala ndi makwacha ndi nkhani ina, kupeza madola ndi nkhani inanso. Adayenda miyezi akupempha kuti khadi lawo liloledwe kulipira kunja.

Pamwamba pa apo, labuyo kuno kulibe. Zipinda zokhazikika zili m'mizinda ngati Brussels, Bangalore ndi Dubai. Ndiye onjezani tikiti ya ndege kuchoka pa Chileka kudzera ku Addis Ababa, viza, malo ogona ndi chakudya. Kampani yomwe amagwirako idawapatsa tchuthi cha masiku asanu ndi mafuno abwino, basi.

Zotsatira zidabwera ali pabwalo la ndege pobwerera. Gawo loyamba adachita bwino, lachiwiri nthawi idawathera. Akuti panali vuto lina laling'ono lomwe adalimbana nalo kwa ola lathunthu chifukwa cha liuma, m'malo molisiya n'kupita kutsogolo. Sadandiuze funso lenilenilo chifukwa aliyense wolemba amasainira kuti sadzaulula zam'katimo, ndipo alamu ndi munthu wosunga pangano. Atafika kunyumba adakhala masiku atatu osayatsa chigayo chawo chija.

Apa ndi pomwe nkhani ya achemwali ikulowera, ndipo ndikupempha anyamata a sukulu amene mukuwerenga kuti mumvetsere. Theka la ndalama za ulendo uja lidachokera ku mpamba wa kaunjika ndi ngongole ya banki mkhonde. Achemwali adabweza ngongoleyo kwa miyezi yambiri, akutsegula belo limodzi pomwe kale ankatsegula awiri. Mwana woyamba ali Fomu 3, fizi ikudikira. Landilodi wakweza lendi. Mayi ameneyu akamati zakwana, sikuti ndi wosaphunzira kapena wansanje. Iye ndi amene adalemba nawo mayesowo ndi msana wake, ngakhale dzina lake silidzaoneka pa satifiketi.

"Ine sindikukana kuti aphunzire," adandiuza. "Koma pepala limeneli tidzadya liti? Akalepheranso tidzagulitsa chiyani, mabedi?"

Kunena zoona, ine ndine munthu wolakwika kumufunsa funso lotere. Ndidasiya maphunziro a ukachenjede ndili chaka chachiwiri bambo atamwalira. Ndinkati ndikagwire ganyu chaka chimodzi kenaka ndibwerere. Chaka chimodzicho chakwana zaka khumi ndi zingapo, ndipo anzanga amene ndinkawathandiza masamu lero amandipatsa lifiti. Ndikaona munthu ali pafupi kumaliza chinthu, mtima wanga umafuula kuti asasiye. Koma ndimadziwanso kuti nthawi imene ndinkasiya ija, amayi akadagulitsa nyumba kuti ine nditsirize, azing'ono anga akadagona pakhonde la eni.

Madzulo a tsiku lomwelo ndidakwera minibasi kupita ku Zingwangwa. Ndidawapeza alamu ali pa chigayo chawo, wotchi ili patebulo, akudziyesa okha mayeso a maola 8 monga amachitira Loweruka lililonse. Ndidadikira mpaka wotchi idalira.

"Alamu, mwabwera kudzandiletsa?" adafunsa akuseka, koma maso sankaseka.

Ndidawafunsa mafunso atatu. Loyamba: kodi pepalali likabwera, malipiro akwera? Adayankha moona mtima kuti pa kampani yomwe alipo mwina sakwera kwenikweni. Chiyembekezo chawo chili kumabanki, kumakampani a mafoni, kapena ntchito za kunja zomwe munthu amagwira ali pakhomo. Makampani ogulitsa zida za Cisco amafunanso anthu a mapepala otere kuti akwezedwe gulu, choncho nambalayo payokha ili ndi msika. Koma palibe amene wawalonjeza kalikonse.

Lachiwiri: kodi palibe njira yachidule? Apa adakwiya pang'ono. Akuti pa intaneti pali anthu ogulitsa mafunso obedwa, likasa lenileni, pa mtengo wa madola mazanamazana. Mnzawo wina adawanyengerera kuti agule. Iwo adakana. Cisco ikakugwira imakulanda mapepala ndipo ikhoza kukuletsa kulembanso. Komanso, adatero, tsiku limene netiweki ya banki idzagwe 2 koloko usiku, likasa silidzakuuza pomwe pathyoka. Ndidakumbuka mayeso a MSCE a 2020 omwe adathetsedwa mu November atabedwa, ana osalakwa n'kulembanso mu January 2021. Kuba mayeso kumalanga ndi amene sadabe omwe.

Lachitatu: mwasintha chiyani kuti zomwe zidachitika zisachitikenso? Adandionetsa kope lodzaza ndi zolakwa zawo, tsiku ndi tsiku, cholakwa chilichonse ndi mphindi zomwe chidawadyera. Adziikira lamulo loti vuto likawatengera mphindi 15 alisiye, adzalibwerere kumapeto. Apeza anzawo awiri, wina ku Lusaka wina ku Nairobi, omwe amathyolerana netiweki dala usiku kuti mnzawo akonze wotchi ikuyenda. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ulendo woyamba uja adausenza okha.

Tidaitana achemwali, tidakhala atatu mpaka usiku. Chomwe tidamanga ndi ichi. Mpamba wa kaunjika sukhudzidwanso, ngakhale kwacha imodzi. Katapila ndi woletsedwa. Alamu azigwira maganyu a Lamulungu olumikiza makamera ndi intaneti m'masukulu ndi m'malo ogona alendo, ndipo ndalama imeneyo izipita pambali. Akalankhule ndi abwana awo kuti kampani ilipire theka, iwo asainire kuti adzagwirabe ntchito pamenepo zaka ziwiri akakhoza. Tsiku la mayeso asalipire kufikira atakhoza mayeso odziyesa okha katatu motsatizana nthawi isanathe. Zaka zitatu zija zikatha ndalama zisanakwane, alembenso a madola 400 aja, kusiyana n'kuthamangira kukataya madola 1,600. Ndipo ulendo uno ukakanika, nkhani ya Dubai iyambe yagona mpaka mwana atamaliza Fomu 4. Ine ndidalonjeza ndalama ya nkhani ziwiri pamwezi, kuphatikizapo ino mukuwerengayi.

Achemwali sadaombe m'manja. Adangoti, "Tiona," n'kupita kukapakula nsima. Kwa amene amawadziwa, mawu amenewo ndi chilolezo.

Koma nkhaniyi siyenera kuthera m'nyumba ya alamu anga. Mu February 2024, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti adalowereredwa ndi akuba a pa kompyuta omwe ankafuna dipo. Anthu adakhala masabata osalandira mapasipoti, ena maulendo a geni ndi a sukulu n'kuwafera. Tsiku lililonse timamva kuti boma ndi makampani akufuna zonse ziziyenda pa kompyuta: misonkho, ziphaso, malipiro. Nanga makina amenewa adzawasamala ndani? Tikapanda kukhala ndi akatswiri athu, tidzapitiriza kuitana alendo ndi kuwalipira madola omwe tikuti tilibewo.

Choncho ndikupempha mabwana a makampani: mnyamata amene amakukonzerani netiweki usiku akafuna kukwera, mugawane naye mtengo. Mukuopa kuti akakhoza adzathawa? Mumangeni ndi pangano, ndipo mumulipire zoti akhale. Amene amathawira ku Johannesburg ambiri sathawa dziko, amathawa envulopu yopyapyala. A mabanki nawonso aganizire kuti munthu wopempha madola olipirira mayeso asaime mzere umodzi ndi woitanitsa zidole. Ndipo masukulu athu a ukachenjede monga MUBAS, yomwe kale tinkaiti Poly, akhoza kuganizira zotsegula zipinda za makompyuta usiku kwa anthu apantchito pa mtengo wochepa, pomwe pali jenereta ndi intaneti yodalirika.

Kwa inu ophunzira, musathamangire pamwamba. Yambani ndi CCNA, ndipo pulogalamu yoyeserera ya Packet Tracer imapezeka ulere kudzera ku Cisco Networking Academy. Gwirani ntchito zaka zingapo, manja azolowere mawaya, muone netiweki yeniyeni ikugwa bwana ali pamsana panu. CCIE si ya aliyense, ndipo munthu akhoza kudya bwino ndi mapepala apansiwo. Koma mukaganiza zoikwera, khalani pansi ndi amene adzalipire nanu, muwerengere limodzi mtengo wa kukhoza ndi mtengo wa kulephera womwe. Walira mvula walira matope.

Pobwerera ku Ndirande usiku uja ndidafuna kulipira kabaza ndi ndalama ya pafoni. Uthenga udakana kupita kawiri konse. Wakabazayo adapukusa mutu n'kunena kuti, "Netiweki imeneyo bwana, kaya amakonza ndani." Ndidamupatsa ya m'thumba, ndipo sindidamuuze kuti mmodzi wa okonzawo ndamusiya ku Zingwangwa akutchera wotchi kuti adzuke 2 koloko.